A Mose Akwatitsa Mabuku ku Troyeville

Mmalawi aliyense amene anakhalako ku Troyeville cha m'ma 2005 amawadziwa a Mose. Amene sanawadziwe nkhope anaidziwa jekete yawo. Inali yabulauni, yamapewa otambalala ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo inkatuluka m'sutikesi pokhapokha pakagwa nkhani ya banja. Jekete ija ikangodutsa mumsewu, azimayi ankasuzumira pamawindo n'kumafunsana kuti, "Lero aswana ndi a kwa ndani?"

A Mose anabadwira ku Bembeke. Ku Joni anabwera pa Wenela mano akadali onse m'kamwa, ndipo anakumba pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinayamba kuimba chokha. Anzawo atabwezedwa kumudzi, iwo anasochera dala. Anagwirapo ya m'galadeni, anagwirapo yotsuka magalimoto, kenako anakhazikika pa ulonda ndi kusesa panyumba ina yakale ya zipinda zambiri, kumene ankagona m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe. Mkazi wawo anamusiya ku Bembeke n'kumuuza kuti abwera anthu akakolola. Sananene kuti kukolola kwa chaka chiti. Mayiyo anadikira, anadikira, kenako anakwatiwa ndi wokonza njinga. A Mose nkhani imeneyi ankaifotokoza ngati umboni woti akazi anasiya kupirira.

Koma chimene chinawatchukitsa si tsache ayi. Ku Joni munthu amabwera ndi chikwama, sabwera ndi amalume. Mnyamata akapeza mbeta kutchalitchi kapena pamzere wa matekisi, abusa amafunsa kuti ankhoswe ali kuti, pamene ankhoswe enieniwo ali ku Ntcheu akupalira. Ndiye anthu ankangobwereka a Mose. Nthawi zina ankabwerekedwa mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, moti ankakhala pampando uwu kufunsa funso, n'kusamukira pampando uwo kukaliyankha. Banja likayamba kugwedera ankaitanidwanso. Ankamvetsera maso ali tsinzini, kenako n'kutsokomola, n'kugamula. Chigamulo chake chinali chimodzi ngati yunifolomu: mwamuna ndi mwana wamkulu, mkazi apirire.

Mmodzi mwa ouzidwa kupirira anali Esitere wa ku Tsangano, amene ankakhala pamwamba pa masitepe omwewo ndi mwana wake wamkazi, Praise. Esitere anasiyira sukulu Fomu 2 n'kulondola mwamuna ku Joni, mwana ali kumsana. Mwamunayo atakhalakhala anati akukaona ngati ku Kepi kuli bwino. Kuyenera kuti kunali bwino kwambiri, chifukwa sanabwerenso. A Mose anavala jekete, anakwera masitepe, anamwa tiyi wa Esitere, anadya buledi wake, n'kumuuza kuti ulendo wa mwamuna sauwerengera masiku. Esitere anati zikomo. Analeredwa bwino.

Iye ankasita zovala m'nyumba za ku Kensington. Masiku a papasipoti yake anali atatha kalekale, ndiye ankayenda mumzindamo ngati mbewa yodutsa pabwalo masana. Galimoto ya apolisi ankaizindikira kulira kwake isanakhote pakona, n'kuisiyanitsa ndi ya buledi. Ankadziwa geti liti silikhomedwa, sitolo iti ili ndi khomo lakuseri. Kugwidwa pakokha sikumene kunkamudetsa nkhawa. Chimene ankaopa n'chakuti tsiku lina Praise adzaweruka kusukulu, adzagogoda, adzagogodanso, mayi ake ali m'chigalimoto cha mawaya kulowera kumalire.

"Kwa eni kulibe mkuwe," ankamuuza mwanayo pomuluka tsitsi. "Chichewa n'cha m'nyumba muno, ngati poto. Sutuluka nacho."

Praise zimenezo sizinkamuvuta. Chizulu, Chisutu, Chingerezi, zonse zinkangoterera pakamwa pake. Vuto linali la mayi ake. Esitere akangoti "sawubona", ngakhale wogontha ankamva kuti uyu wawoloka Zambezi. Ndiye anapeza nzeru. Akaitanidwa kusukulu ankakulunga duku kuchokera pachibwano mpaka paliwombo, n'kutsindira kathonje m'tsaya. Aphunzitsi akamulankhula, iye ankangoloza dzino n'kubuula. Dzino limenelo linawawa kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 5. Mphunzitsi wa Giredi 5, Mem Shabangu, mayi wamtali wa magalasi olendewera patcheni, anafika pogwidwa chisoni, moti ankamupatsira Praise timabotolo ta mankhwala a dzino toti akapatse amayi ake. Tinadzaza pawindo.

Chaka chimenecho Mem Shabangu anapereka ntchito imene Esitere sanaimvepo ku Tsangano. Kwawo buku unkaliwerenga, kuliloweza, n'kulibweza. Kuno mwana aliyense anabwereka mabuku awiri kulaibulale ya sukulu kuti awerenge onse, kenako alembe mfundo imene mabukuwo akumanirana ndi pamene apatukana. Lachisanu aliyense adzaima kutsogolo kufotokoza, ndipo abwere ndi munthu wamkulu wa kwawo woti adzamufunse funso limodzi kalasi yonse ikumva.

"Funso?" anatero Esitere, ayironi ili m'mwamba. "Lapakamwa?"

"Ee, amama. Lapakamwa."

"Dzino lija layambiranso."

"Mem anena kale kuti ngati dzino likadalipo mutumize wina. Akuti kukapanda kubwera aliyense, abwera okha kuno kudzaona mmene tikukhalira."

Esitere anaika ayironi pansi. Anaganizira mphunzitsi atakhala pabedi pawo, maso ali pakalendala ya tchalitchi cha ku Ntcheu, akufunsa mafunso. Anatsika masitepe kukachita zimene aliyense ankachita akasowa wachibale.

"Abambo, mukangokhala pampando," anawauza a Mose atagwada pakhomo la kachipinda kaja. "Mwana akamaliza, mukafunse kuti buku lokoma ndi liti. Basi. Chichewa ayi. Malawi ayi. Jekete ayi."

"Jekete ayi?"

"Si nkhani ya banja imeneyi."

"Chabwino, make Praise. Ine ndaweruza anthu ogendana ndi mapoto. Mabuku angandivute?"

Lamulungu masana Praise anakhala pabwalo lakuseri kuyeserera, a Mose akusesa chapafupi, Esitere akuyanika zovala khutu lili komweko. Buku loyamba linali lachikuto chobiriwira. Linkanena za bambo wina wa kudziko lozizira amene anasoka chibaluni chachikulu, anamangirira dengu kunsi kwake, n'kuuluka kukaona kumene mphepo imathera. Lachiwiri, lofiira, linkanena za mayi wa ku Limpopo amene chilala chinamuphera mbuzi. Anadikira mvula, itakanika anagulitsa zotsala, anakhoma nyumba, n'kupita kutauni kukakazinga magwinya, mandasi a kuno. Papepala lake Praise anajambula mizere iwiri yozungulira yolowana, monga anawaphunzitsira Mem: za buku lobiriwira mbali iyi, za lofiira mbali iyo, zofanana pakati.

Tsache linayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako linaima.

"Bamboyo pouluka anatsanzika kwa ndani?"

"Sanalembe, agogo."

"Mmm. Nanga mayiyo mwamuna wake ali kuti?"

"Samutchula."

"Samutchula," anabwereza a Mose, akugwedeza mutu ngati dokotala wapeza nthenda. "Uku mwamuna wachoka, satchula mkazi. Uku mkazi watsala, satchula mwamuna. Iwe, werenga bwino. Anthuwa ndi banja."

Praise anaseka mpaka pensulo inagwa. "Agogo! Bamboyu ndi wakalekale, kwawo kumagwa chisanu choyera. Mayiyu ndi wa ku Limpopo, ali ndi wailesi."

"Mtunda si kanthu. Wanga anali ku Bembeke." Anawerama, n'kuloza pepala lija ndi chala chaminyanga. "Nanga izi? Mphete ziwiri, zolowana. Aphunzitsi ako ndi munthu wanzeru, angochita manyazi kunena poyera."

"Abambo," anatero Esitere ali ndi zopanira zovala m'kamwa, "tinagwirizana. Buku lokoma ndi liti. Basi."

"Basi," anavomera a Mose, tsache n'kuyambanso kuyenda.

Koma Esitere anali ndi maso. Lachitatu anaona jekete ija itayanikidwa padzuwa, ndipo atafunsa anauzidwa kuti ndi nkhungu chabe. Lachinayi anamva chinthu chikupalasa m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, anauzidwa kuti ndi makoswe. Makoswe a ku Troyeville ndi aakulu ndithu, koma salira kokoliriko. Pofika Lachisanu anaona kuti kutsala kunyumba n'koopsa kuposa kupita. Anakulunga duku, anatsindira thonje, n'kuwatsatira.

A Mose ananyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija anthu amatumizira katundu kumudzi. Pageti la sukulu anaima, anapisamo dzanja mosamala, anatulutsa jekete, n'kuvala. Esitere anabuula, ndipo ulendo uno kubuulako kunali kwenikweni.

M'kalasi makolo anakhala kumbuyo patimipando ta ana, maondo ali pachibwano. Esitere anasankha ka pafupi ndi khomo. Ana anayamba kufotokoza. Mtsikana wina anayerekeza buku la nyamalikiti ndi buku la sitima, nati onse ndi aatali ndipo onse amasungulumwa. Bambo ake anamufunsa kuti nsapato yake ina ili kuti. Mnyamata wina anabwera atavala katoni kumutu kuti ndi mfumu ya m'buku lake, koma anaiwala kuboola pa maso, ndiye anafotokozera kabati. Esitere sanaseke. Maso ake anali pachikwama cha mizeremizere, chimene chinkasuntha chokha pang'onopang'ono kulowera kumapazi a mayi wina wa chipewa chatchalitchi.

Kenako inafika nthawi ya Praise. Anajambula mphete zake ziwiri pabolodi, n'kuyamba. Anati anthu onse awiri anasiya kwawo. Bamboyo anachoka chifukwa anafuna, mayiyo anachoka chifukwa panalibe pogwira. Koma onse, ali kutali, ankalota khomo la nyumba yawo. Chingerezi chake chinali chosalala ngati nsalu yosita, ndipo Esitere anamva m'maso mukuyabwa. Mwana wake ameneyo, wobadwira m'nyumba yaudzu ku Tsangano.

"Zikomo, Praise," anatero Mem Shabangu. Kenako anatembenukira kwa a Mose n'kuwatchula agogo m'Chizulu: "Mkhulu, funso lanu."

A Mose anaimirira, anakoka jekete kutsogolo, anatsokomola. Lonjezo limodzi analisunga: Chichewa sanalankhule. Anatsegula Chifanakalo cha kumgodi, chimene iwo ankachitcha Chizulu, koma Azulu enieni akachimva amayang'ana pansi.

"Lo buku," ananyamula lobiriwira, "yena lo ndoda. Lo buku," ananyamula lofiira, "yena lo mfazi."

Ili ndi mwamuna, ili ndi mkazi. Kalasi yonse inaphulika. A Mose anaona ngati akuwalandira. Anapempha mipando iwiri, anaiika kutsogolo moyang'anana, n'kukhazika buku lililonse pampando wake. Kenako anakoka chikwama chija n'kutsegula zipi. Munatuluka mutu wa tambala, wofiira, wokwiya. Pambuyo pake thadzi. Pachinkhoswe a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi thadzi, ndipo a Mose anali asanayanjanitsepo banja manja ali lende.

Mem Shabangu anavula magalasi. "Mkhulu, funso lokha."

"Funso likubwera, Mem," anatero a Mose m'chilankhulo chawo chomwecho. "Mlandu sauyambira kumchira."

Anaima kumbuyo kwa buku lofiira n'kufunsa lobiriwira kuti linapita kuti. Anathamangira kumbuyo kwa lobiriwira n'kuyankha ndi mawu okhuthala kuti linapita kukafuna ntchito kumwamba, poti pansi panalibe. Anabwerera kwa lofiira, anangogwira mpando pang'ono, n'kuthamangiranso kwa lobiriwira. Kumeneko anakhalitsa. Anafotokoza za kuzizira kwa m'mwamba, za kuvuta kogona m'dengu, za mmene mwamuna amavutikira kutali anthu osadziwa. Ana anali gone pamadesiki ndi phwete. Thadzi linali litayamba kujompha choko.

Esitere anali atawerengera kale njira: khomo, khonde, geti, kenako kumanzere. Anangodikira kuti a Mose akhale pansi.

A Mose anatsinzina, anatsokomola, n'kugamula. Mwamuna sanalakwe. Wolakwa ndi mkazi, amene anagulitsa mbuzi ndi kukhoma nyumba osadziwitsa ankhoswe. Abwerere ku Limpopo, akatsegule chitseko, azikayang'ana kumwamba. Apirire.

"Apirire chiyani?"

Mawuwo anatuluka okha, m'Chichewa cha ku Tsangano chosasungunula. Kathonje kaja kanauluka n'kukatera padesiki la mnyamata wa katoni.

"Apirire chiyani, abambo? Mbuzi zafa. Chitsime chauma. Bamboyo ali m'dengu akupatsa moni akhwangwala. Watumizako ngakhale sopo? Ndipo nsalu yosokera chibalunicho anaitenga kuti? Si makatani a mayi yemweyu?"

"Amama," ananong'ona Praise, "sanakwatirane!"

"Khala chete iwe, amuna sukuwadziwa."

"Make Praise," anatero a Mose, nawonso Chifanakalo chitawathawa, "nkhoswe ikamalankhula..."

"Nkhoswe ya mbali iti? Mpando wa kuchimuna mwaukhalira mpaka watentha, wa kuchikazi mwangoupukuta ndi dzanja. Mwalifunsa chiyani buku lofiirali? Mwalifunsa kuti limadya chiyani? Azikayang'ana kumwamba! Khosi lake ndi lanu?" Apa n'kuti Esitere ali kutsogolo, duku lili m'manja, akuligwedeza pamphuno pa a Mose. "Mayiyu anachita bwino kukhoma nyumba. Akanagulitsa ndi chitseko chomwe!"

Azimayi a kumbuyo kuja sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma nkhaniyo anaizindikira. "Yebo, sisi!" anakuwa wa chipewa chatchalitchi uja. Wina anaimba nthungululu. Tambala, poona kuti aliyense akulankhula, anadumphira pamwamba pa kabati n'kuikapo ndemanga yake.

Mem Shabangu anaomba m'manja mpaka phokoso linatsika. "Praise, tiuze zimene amayi ako anena."

Praise anayang'ana amayi ake, anayang'ana bolodi, n'kumasulira. Za makatani anazisiya. Mem anamvetsera mutu uli chopendeka. Anatola choko chimene thadzi linasiya, n'kulemba pakati pa mphete zija kuti: opita ndi otsala. Anafunsa kalasi kuti buku la munthu wopita limaiwala ndani, ndipo buku la munthu wotsala limaiwala ndani. Manja anakwera mbali zonse. Wina bambo ake anali ku Durban, wina amayi ake ankagona kuntchito, wina anati agogo ake anatsala okha ku Giyani ndi ng'ombe yopanda nyanga. Nkhani inakoma.

M'kati mwa kukomako m'pamene Esitere anamva mphepo ikumuomba pachibwano. Anayang'ana m'manja mwake: duku. Anayang'ana kalasi: maso.

"Mama, ndasangalala kuti dzino lapola," anatero Mem Shabangu. "Koma chilankhulo chokomachi n'chiyani?"

Esitere anagwira Praise padzanja. Khomo, khonde, geti, kumanzere.

Atafika kunyumba analonga chikwama: zovala za Praise pansi, zake pamwamba, bulangete, poto wamng'ono. Anamubwerezetsa mwanayo njira yopita kwa abusa ku Bertrams, kuti ngati adzapeza chitseko chokhoma asadzaime pakhomo n'kumalira. Praise anati Mem si wapolisi. Esitere anati Mem ali ndi pakamwa, ndipo apolisi ali ndi makutu.

Loweruka m'mawa, Esitere ali kunyumba akusita mashiti a bedi a abwana ake a ku Kensington, anamva galimoto yachilendo ikuima pageti. Anasuzumira. Munatsika Mem Shabangu. Mbali inayo munatsika bambo wamimba, wa malaya abuluu a timizere pamapewa ngati a apolisi.

Esitere anasiya ayironi. Kuthawira kunsi sakanatha, masitepe anali amodzi. Pakhonde panali dengu lalikulu la zochapa. Analowamo, maondo kukhosi, n'kudzikwirira ndi mashiti a eni.

"Ukanene kuti ndapita kutchalitchi," ananong'oneza Praise.

"Loweruka?"

"Ndalowa cha Sabata. Pita!"

Ali m'dengumo ankamva zonse, poti bwalo la nyumba ija linkakweza mawu ngati chitsime. Anamva Praise akupereka moni. Anamva tsache la a Mose likuima. Anadikira mawu oti mapepala, mawu oti pasipoti. Mem anati wabwerera mabuku a laibulale. Dzulo m'chipwirikiti muja mkhulu anawaika m'chikwama pamodzi ndi nkhuku n'kupita nawo.

A Mose sanakane. Anati mabukuwo alipo, ali bwino, ndipo mlandu anaumaliza okha atafika kunyumba. Anawamanga pamodzi ndi chingwe, anawafunditsa kansalu, ali pashelefu. Koma kuwapereka ayi.

"Angoyanjana dzulo, Mem. Mukawatenga mukawaika mashelefu osiyana, ndikudziwa. Ine sindimanga banja Lachisanu kuti lithe Loweruka."

"Mkhulu, ndi mabuku a sukulu."

"Sukulu nayo idikire. Ngakhale mlungu umodzi azolowerane."

Bambo wamimba uja ankaseka chamumtima, Esitere ankamva kupuma kwake. Mem anayesa Chizulu, anayesa Chingerezi, anayesa kupempha. A Mose anali gwa. Kenako mawu a Mem anauma. Anati anabwereka ndi Praise, ndiye mlandu ndi wa Praise. Mabuku akapanda kubwerera lero, Lolemba mwanayo sakalowa m'kalasi mpaka kholo lake likaonekere ku ofesi ya ahedi.

"Chonde, agogo," anatero Praise, ndipo mawu ake anathyokera pakati.

Esitere anaumva mthyoko umenewo. Ofesi ankaiopa. Malaya abuluu ankawaopa. Koma mwana wake kuima panja pa kalasi, anzake akumuyang'ana pawindo, chifukwa cha ukwati wa chibaluni ndi magwinya? Dengu linagwedezeka, linapendeka, n'kumulavula pakhonde. Anatsika masitepe shiti ya eni ikukwekwereka paphewa.

"Mwabwerako kutchalitchi, mama?" anafunsa Mem.

Esitere anawadutsa a Mose, analowa m'kachipinda kawo, anakankha thadzi ndi phazi, anavundukula kansalu kaja. Mfundo ya chingwe inali ya kumgodi, yosamasulika, ndiye anaidula ndi mano. Anatuluka buku lili dzanja ili, lina dzanja ilo, motalikirana, n'kuwapereka kwa Mem atapinda maondo.

"Kuthetsa banja popanda ankhoswe," anadandaula a Mose. "Dziko lapita."

Mem anauzira nthenga imene inamatirira pabuku lofiira, analinunkhiza, anakwinya mphuno. Kenako anamuyang'ana Esitere pamwamba pa magalasi.

"Dzulo simunandiyankhe."

Esitere anayang'ana timizere ta pamapewa a bambo uja. Anayang'ana Praise.

"Chichewa, Mem," anatero. "Cha ku Malawi."

Anatseka maso kuti asaone dzanja likubwera.

"Malawi!" anakuwa bambo uja. "Hawu! Mabasi anu ndimawaona pa Park Station. Firiji pamwamba, bedi pamwamba, njinga pamwamba pa bedi. Ine ndayendetsa basi moyo wanga wonse, koma madalaivala anu ndimawavulira chipewa. Amakhota bwanji pakona?"

"Awa ndi amuna anga," anatero Mem. "Musawayankhe, sasiya." Anaika mabuku m'chikwama chake, lina thumba ili, lina thumba ilo. "Praise wakhoza bwino. Mkhulu asadzapondenso m'kalasi mwanga, ndasesa manyi a nkhuku mpaka pansi pa kabati. Inu mudzabwere nokha teremu yamawa, mwana azidzamasulira. Tidzayerekeza mabuku atatu."

"Atatu?" A Mose anatukula mutu, maso akuwala. "Mitala imeneyo, Mem. Imeneyo ndiye simungaithe nokha."

Galimoto itapita, Esitere anakhala pansi pomwepo, pasitepe yoyamba. Anayamba kuseka, kenako kunakhala ngati kulira, kenako kuseka ndithu. Praise anamuvula shiti ija paphewa n'kuikutumula. A Mose anatola tsache n'kumapita akung'ung'udza za akazi a masiku ano.

Kenako Esitere anakwera kuchipinda n'kutsegula chikwama chija. Anatulutsa poto, poti nthawi yophika inali itakwana. Anatulutsa yunifolomu ya Praise n'kuipachika pamsomali kuti isakwinyike pofika Lolemba. Zotsalazo anaziyang'ana kanthawi, anatseka zipi, n'kuzikankhira kunsi kwa bedi, chogwirira chili chakunja.